Batani la Kumanja

Amati munthu akamwalira usamunenere zoipa. Ine ndimunenera, ndipo amene akufuna kundiletsa abwere adzanditseke pakamwa ndi dzanja lake. Mwamuna wanga anali wamakani ngati chitseko chofufuma ndi mvula. Kuchipatala anamupatsa mapilitsi a kuthamanga kwa magazi. M'mawa uliwonse ndinkamuikira limodzi pambali pa kapu ya tiyi, iye n'kunena kuti zikomo mayi, ine n'kutembenuka kupita ku ntchito zanga. Titaika maliro ndinatsegula chitini cha mabatani akale kuti ndikonze malaya a kasitomala, ndipo mapilitsi aja ndinawapeza m'menemo, oyera mbee, atasakanikirana ndi mabatani. Anagwera pa benchi yake ya pamsika, pomwe ankagulitsa maloko ndi mabatire a tochi, dzuwa lili pamutu. Mpaka lero ndikamukumbukira ndimayamba ndamutukwana kaye, kulira kumabwera pambuyo.

Anandisiyira zinthu ziwiri zomwe sindinapemphe: mwana wake wamkazi ndi gemu yake.

Mwanayo sindinabale ndine. Mayi ake anamwalira iye asanayambe sukulu, ndipo ine ndinamupeza ali ndi zipere m'mutu, akubisa buledi m'matumba a diresi. Bambo ake ankamutcha Gologolo chifukwa cha buledi ameneyo, dzina n'kukhazikika. Iye ankanditcha a Telala, monga mmene amanditchulira makasitomala pakhonde pomwe ndimasokera. Bambo ake anayesa kumukonza, ine ndinati musiyeni, umayi wokakamiza sindiufuna. Tinakhala choncho. Ndinamuchiritsa zipere, ndinamusokera mayunifolomu, ndinamukalipira mpaka anakula n'kundipitirira msinkhu. Zokumbatirana ndi zosisitana ayi. Kwathu sitinaleredwe choncho.

Gemuyo ndi kabokosi kotuwa, kakalekale, komwe anapatsidwa ndi mnzake wokonza mawailesi. Amakalumikiza ku TV, n'kulowetsamo kakaseti komwe kamafuna ukauzire kaye ngati moto wa nkhuni zaziwisi. Chogwirira chake anachipangira munthu wa manja awiri. Kumanzere kuli kamtanda koyendetsera kamunthu ka pa TV, kumanja kuli batani lofiira lodumphitsira. Vuto linali loti mwamuna wanga manja awiri analibe. Mkono wakumanja unapita ndi makina ochekera matabwa ine ndisanamudziwe. Unadukira pamwamba pa chigongono, n'kutsala kachitsa.

Anayesa kudina ndi chibwano. Anayesa ndi chala chakuphazi mpaka msana unamugwira. Anayesa kugawana ndi Gologolo, koma awiriwo ankangokangana, chifukwa mwanayo ankayang'ana pa TV n'kumadumpha mwa nzeru zake. Galimoto imodzi madalaivala awiri, bambo ake ankatero. Ndiye Lamlungu lina masana anandiitana.

"Mayi, tandibwerekani chala chimodzi."

"Zala zanga ndi zimene zikudyetsa nyumba ino."

"Chachikulu chokha. Dzanja linalo muzimwera tiyi."

Ndinakhala kumanja kwake pa sofa, iye atagwira mbali yake, ine yanga. Pa TV sindinkayang'ana. Zodumphadumpha zimandizunguza mutu. Ndinkayang'ana kukhomo, kuona ngati kukubwera kasitomala kapena ngati mvula ikufuna kunyowetsa zochapa, chala n'kumadina chokha. Ndipo tinkapambana. Zaka ndi zaka, Lamlungu masana, Gologolo atakhala pansi kutsogolo kwathu akukuwa ngati ali ku mpira. Munthu akandifunsa kuti mumadziwa bwanji nthawi yodina chikhalirecho simukuona, ndinkati ndimamvera phokoso. Ndi zimene ndinkaganiza.

Za m'gemumo ndinkazidziwira m'mikangano yawo. Kamunthu kovala chisoti kamayenda m'fakitale, kukwera zitsulo, kudumpha maenje. Muli tizilombo tamitundumitundu, ndipo tambiri ukatiponda pamutu timaphwatalala n'kutha. Koma muli kena ka magetsi, kozungulira ngati mpira, kothetheka mbali zonse. Kamayenda mokakamira chitsulo, pamwamba, kenako n'kuzungulira kumunsi, n'kudzatulukira kumbuyo kwako iwe utakaiwala. Kameneko sikapondedwa. Ukangokakhudza kamati bzzz, kamunthu kaja mafupa onse kuonekera, chisoti m'mwamba, n'kugwa. Mwamuna wanga ankaseka mpaka kutsokomola nthawi iliyonse, ngati akuona koyamba.

Tsiku lina ndinamufunsa, "Bwanji osangokapha kakupweteketsani mutuko?"

"Sikafa, mayi. Anakapanga kuti kazikhalapo basi. Umangophunzira mayendedwe ake, n'kukapatsa njira."

"Mukundiyang'aniranji?"

"Ine? Ndikuyang'ana khoma."

Bambo ndi mwana wake anakapatsa dzina kanthuko. Ankakatcha Mayi Telala. Ankanong'onezana kuti samala, Mayi Telala akubwera kumunsi, poganiza kuti sindikumva. Ndinkamva, ndipo sindinkadandaula. Kanthu kosalola kupondedwa pamutu n'kanzeru.

Maliro atatha, mipando yobwereka itabwerera kwa eni ake, Gologolo anasiya kulankhula. Akabwera kusukulu ankavula nsapato, kulumikiza gemu, n'kukhala pakati pa sofa, pamalo a bambo ake. Ine ndili pakhonde ndikupalasa mashini, khoma lokha pakati pathu. Ndinkamva kanyimbo kaja, kenako bzzz. Kanyimbo, bzzz. M'gemumo muli kanjira kakatali ka zitsulo zopapatiza komwe tamagetsi timabwera motsatizana. Ine ndi bambo ake tinkadutsapo ngati tikupita kumsika. Iye, manja awiri abwinobwino, ankafera pomwepo tsiku ndi tsiku. Sanandiitane. Inenso sindinalowe. Ndinkangopalasa mwamphamvu kuti mashini aphimbe phokosolo.

Kenako kunabwera mlamu wanga, mlongo wake wa malemu. Ndi mphunzitsi, amakhala tauni ina, ulendo wautali pa basi. Si munthu woipa, ndinene zoona, kungoti amalankhula ngati akuwerenga pa bolodi. Anakhala pampando, chikwama pamwendo, tiyi osamukhudza.

"Alamu, mwavutika naye mwanayu mokwanira. Ife ku banja sitingaiwale."

"Nenani chimene mwabwerera."

"Kwathu kuli chipinda chongokhala. Sukulu ili pafupi, ndipo ndi yabwino. Inu mukadali ndi moyo wanu. Mwina mawa wina adzagogoda. Mwana wa mwini asakutsekereni khomo."

Pamaliro paja anthu ankandisisita pamsana n'kumati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Lero wasanduka mwana wa mwini. Magazi anandikwera kumutu. Ndinkafuna kunena kuti ayi, mawuwo anali pakhosi pomwepa. Koma munthu akandichitira chifundo ine ndimaluma. Ndi mmene ndinabadwira.

"Mutengeni," ndinatero. "Ndani wamumanga chingwe?"

Katani ya kuchipinda inagwedezeka. Gologolo anali ataima kuseri kwake, mapazi akuonekera kumunsi. Mlamu anati akakonza zakusukulu, ndipo adzabwera Loweruka ndi takisi kudzamutenga ndi katundu wake.

Sabata imeneyo ndinakankhira pambali ntchito za makasitomala. Bambo wina anabwera kudzafunsa thalauza lake, ndinamuuza kuti ngati akufulumira avale la mkazi wake. Ndinamusokera Gologolo madiresi, masiketi, zovala zogonera, kuti kumeneko asakanene kuti wachokera m'manja mwa mayi womupeza ali ndi nsanza. Muyeso ndinkatenga pa zovala zake zakale. Kumuitana kuti ndimuzungulize tepi m'chiuno sindikanatha. Pa tebulo tinkadya ngati anthu osadziwana okumana pa depoti, masupuni okha akulankhula.

Mayi a Mapasa, oyandikana nafe nyumba, anabwera kudzabwereka sizasi. Anaima n'kumandiyang'ana.

"Mukusoka ngati mukumenya munthu."

"Ndikumenya nsalu. Ndi yanga."

"Bwanji osangomuuza mwanayo kuti simukufuna apite?"

"Ali ndi pakamwa. Akanafuna kukhala akananena."

"Nanga inu pakamwa mulibe? Msewu wonse uno umapadziwa."

"Sizasi ndi iyo. Mubweze isanachite dzimbiri."

Loweruka litafika, cha kumasana, ndinalowa pabalaza n'kupeza zikwama zili kale pakhomo. Gologolo anali atagwada kuseri kwa TV akuzula mawaya. Anawakulunga bwinobwino, anaika kabokosi m'katoni, kenako anatenga chogwirira chija n'kuyamba kuchikulunga m'thaulo.

"Chimenecho chikupita kuti?"

Anayankha osatembenuka. Anali mawu ake oyamba kwa ine sabata yonse. "Ndi cha bambo anga."

"Theka."

"Theka bwanji?"

"Kumanzereko n'kwa bambo ako, tenga. Batani lofiiralo ndi langa. Taona pomwe penti inafufutika. Ndi chala chako chimenecho?"

"Inu a Telala, gemu imeneyi mumaitukwana tsiku lililonse."

"Bambo akonso ndinkawatukwana tsiku lililonse. Anali a ndani?"

Anatembenuka. Maso anali ofiira, koma pakamwa panali pa bambo ake, pokhotera mbali imodzi.

"Simudziwa ngakhale mtundu wa chisoti cha kamunthuko."

"Koma pa kanjira kaja ine sindiferapo. Iwe wakhala ukufera pomwepo chichokereni anthu pamaliro, ndakhala ndikumva. Lumikiza ndikuonetse, upite ukudziwako kanthu."

Anandiyang'ana ngati akufuna kukana. Kenako anatulutsa kabokosi, analumikiza mawaya, anauzira kakaseti. Anasewera yekha mpaka kufika pa kanjira kaja, n'kundilozetsa mbali ya batani. Ndinakhala kumapeto kwa sofa, iye kumapeto kwinako, mikono titatambasula, chogwirira chili pakati ngati azimayi akulimbirana nsalu pa kaunjika. Ndinayang'ana kukhomo monga kale, ndinatchera khutu.

Kanyimbo. Kaphokoso kothetheka. Ndinadina. Bzzz.

"Mwafulumira."

"Iwe ndi amene wachedwa kuyenda."

Tinayesanso. Bzzz.

"Ndizinena kuti tsopano, inu muzidina," anatero.

Anati tsopano, ndinadina, koma mawu akamachoka pakamwa pake kuti afike pa chala changa, Mayi Telala anali atafika kale. Ndinayesa kuyang'ana pa TV. Zinaipiratu. Zonse zinkathamanga, ndinaona kanthu kabuluu kakuzungulira chitsulo, ndinadina mwamantha, kamunthu n'kudumphira m'dzenje popanda wokakankha. Chisoti chake n'chachikasu. Ndinachiona tsiku limenelo.

Miyoyo inatha. Gemu zakalezi sizisunga pomwe wafika, ndiye Gologolo anayambiranso poyambirira, yekha, osandinyoza n'komwe, zomwe zinandipweteka kuposa kunyozedwa. Ndinakhala manja ali pamwendo, manyazi atandigwira. Ndinali nditadzitama. Ndinkadzifunsa kuti kodi makutu anga anagontha ndi nyimbo za pamaliro? Ndili chikhalire choncho ndinapezeka ndikusisita mkono wanga wakumanzere, m'munsi mwa phewa apa. Pankazizira. Kunja dzuwa linali likuswa mtengo, koma malo amenewo okha pankazizira ngati wina wachotsapo bulangete.

M'pamene ndinadziwa.

"Imitsa," ndinatero.

Anaimitsa.

"Si khutu."

"Chiyani?"

"Sindinkamvera phokoso. Bambo ako ankakhala apa, kachitsa kawo katatsamira pa ine. Ikafika nthawi yodumpha kankagunda. Pang'ono chabe, ngati mtima wa nkhuku ukainyamula. Dzanja lija linapita ndi makina, koma iwo ankadinabe nalo. Ine ndinkangomalizitsa."

Gologolo anayang'ana mkono wanga nthawi yaitali.

"Ankati nthawi zina limawayabwa," anatero. "Dzanja lomwe kulibelo. Ankandiuza kuti ndiwakande m'malere, ine n'kumaseka."

"Inenso ankandiuza. Ndinkawayankha kuti akalifunse ku makina."

Anaseka kamodzi, kuseka kuja n'kusanduka china. Analira atayasamula ngati kamwana, mamina ndi misozi, chogwirira chili pamwendo. Pamaliro sanalire choncho. Ine zonyengerera sindizidziwa. Ndinapisa m'thumba la epuloni, ndinatulutsa kansalu kotsala pa diresi lake latsopano n'kumupatsa.

"Mina. Ukamaliza usendere kuno."

Anamina, anasendera. Anabweza mkono wakumanja kumbuyo, n'kutsamiritsa phewa lake pa ine. Anali wofunda, koma mafupa okhaokha. Masiku onsewo ankangotola chakudya ngati mbalame, ine n'kumachotsa mbale mokwiya osaona kuti mwana akutha. Madiresi ndinasoka aja onse akamukulira, ndinadziwiratu. Tsitsi lake loluka linali litayamba kumasuka kumbuyo, komwe mwiniwake saona.

Tinafika pa kanjira kaja. Anandigunda ndi phewa lonse, moti tiyi akanakhala m'manja akanatayika.

"Ukufuna undithyole? Bambo ako sankandiuza. Sankadziwa n'komwe kuti akuchita. Iwe undiiwale ine, ungodumpha wekha ndi dzanja lili kumbuyolo."

"Ndidina chiyani kumbuyoko?"

"Sofa. Dina sofa."

Tinafa. Tinafanso. Kenako ndinayang'ana kukhomo, pa chingwe cha zochapa pomwe panali yunifolomu yake yomwe anaiwala kuanula, ndinasiya kumvera, ndinasiya kudikira. Ndipo ndinamva kamnofu ka paphewa pake kakugunda. Chala chinapita chokha. Bzzz sanamveke. Kanagundanso, ndinadina. Kanakhala chete nthawi yaitali, ine chala chili m'malere, kanthu kaja kakudutsa kumunsi. Kenako kanagunda mofulumira motsatizana, chala changa n'kumatsatira ngati mmene singano ya mashini imatsatirira phazi. Kanyimbo kanasintha, kanalowa kena komwe ndinali ndisanakamve chimwalirireni mwamuna wanga.

"Tadutsa," ananong'ona.

"Ndinakuuza kuti ine sindiferapo."

"Mwaferapo kambirimbiri lero lomwe."

"Ameneyo anali dalaivala."

Sanachotse phewa. Inenso sindinasunthe. Tinapitirira, tinakwera makwerero, tinadutsa malo ena omwe iye ankandifotokozera ngati ndine mlendo: apa pali moto, apa chitsulo chimagwa ukachedwapo, apa bambo ankakonda kuima kuti akande mphuno pa phewa lawo. Ndinkangoti eya.

Hutala ya takisi inalira panja.

Mlamu analowa akudzipepesa ndi mpango. "Odi kuno. Takonzeka? Adalaivala akuti ali ndi ulendo wina." Anationa awirife titapanikizana pakona ya sofa yaikulu ngati tili m'minibasi, anaima. "Gologolo, mwana wanga, zimitsa tilongedze."

"Azakhali, tikazimitsa tiyambiranso poyamba."

"Ukayambira kwathu. TV iliko, yaikulu kuposa iyi."

Gologolo anadina poimitsira. Kamunthu kanauma m'malere, mwendo umodzi kutsogolo. Ndinamva phewa lija likuchoka pa ine pang'onopang'ono.

Ndinaimirira.

"Alamu, tsiku lija ndinayankha ndi ukali. Mwanayu sindikufuna apite."

Mlamu anaika chikwama pa tebulo. "Alamu, ndinakufunsani bwinobwino. Kusukulu ndakalankhula kale, malo amusungira."

"Ndikudziwa. Mwachita zonse bwino, inu mumachita zonse bwino. Ine sukulu ndinalekera ku pulayimale, homuweki yake sinditha ngakhale kuiwerenga. Nyumba ndi iyi mukuionayi, pakona apo pamadontha. Sindinamubale. Koma mukamutenga ndidzakudani mpaka kumanda, ndipo ine ndikanena ndimachita."

"Si nkhani yodana iyi."

"Kwa ine ndi yodana."

Mlamu anausa moyo. "Mwiniwake ali pompano. Ndi wamkulu. Anene yekha."

Gologolo ankayang'ana chogwirira pamwendo pake. "Munati palibe wandimanga chingwe."

"Palibe. Ndiwe mbuzi?"

"Simunandifunse."

"Azakhali ako ndi awa akukufunsa."

"Ndikunena inuyo."

Takisi inalizanso hutala. Ine ndakalipirapo eni nyumba, makondakitala, ndi mabwana ovala mataye, mawu osandithera. Koma apa lilime linalemera ngati mutu wa mashini anga.

"Khala," ndinatero. "Ndikufuna ukhale. Ndimakalipa, ndipo sindisintha, usayembekeze zimenezo. Koma ukachoka sindikudziwa kuti m'mawa ndizidzukira chiyani. Ndanena. Usandibwerezetse."

Sanandiyang'ane. Anaika chogwirira pa sofa, anapita kwa azakhali ake n'kuwagwira dzanja.

"Azakhali, pepani. Ndizibwera patchuthi. Tchuthi chilichonse, ngati mungandilole."

Ndinkayembekeza kuti mlamu akwiya, ndipo mayankho ndinali nditawanola kale. Koma anangokhala pa mkono wa sofa n'kuvula magalasi. Popanda magalasi anali nkhope ya mwamuna wanga yeniyeni.

"Tinabadwa awiri okha," anatero. "Mwanayu amatsokomola ngati iye. Ndinkafuna ndizimva zimenezo m'nyumba mwanga. Zasukuluzo n'zoona, koma chenicheni n'chimenecho."

Ndinalowa kuchipinda, ndinatsegula sutikesi, ndinatulutsa jekete lake labulauni, lomwe mkono wakumanja ndinaupinda ndekha n'kuusoka kuti usamalendewere. Linkanunkhabe iye, thukuta ndi mafuta a maloko. Ndinkati ndidzalisunga mpaka tsiku langa. Ndinamuponyera mlamu pamwendo.

"Tengani msanga ndisanasinthe maganizo. Musakalichape."

Analigwira ndi manja awiri, anabisamo nkhope. Adalaivala anasuzumira pakhomo kufunsa kuti katundu ndi uti. Mlamu anati palibe katundu, ndikwera ndekha. Gologolo anawaperekeza mpaka pa galimoto, anakumbatirana nthawi yaitali, ine ndili pakhonde ndikupukuta mashini omwe analibe fumbi, kuti a msewu uno asaone nkhope yanga bwino.

Atabwerera ananyamula zikwama zake kulowa nazo kuchipinda. Ndinamva zikugwa pansi. Anatulukanso.

"A Telala, matiresi anga ali kuti?"

Ndinayang'ana kudenga. M'mawa umenewo, iye akusamba, ndinali nditawakoka n'kukawaponya kwa Mayi a Mapasa. Ndinati ana anu azigonapo, ine sindikufuna kumaona pogona pa munthu yemwe kulibe.

"Ali kwa aneba."

"Munagawa matiresi anga ndisanatuluke n'komwe pakhomo?"

"Vala nsapato."

Mayi a Mapasa anationa tikulowa pa geti, ine kutsogolo, Gologolo pambuyo. Anangoluma mlomo kuti asaseke, n'kukatsitsa mapasa awo omwe anali akudumpha pa matiresi aja chiyambire m'mawa. Anawo analira, ndinawalonjeza makabudula atsopano okhala ndi matumba. Tinanyamula ine ndi Gologolo, matiresi akupindika pakati ngati munthu woledzera. Tili m'njira Gologolo ananunkhiza, n'kuima.

"Wina wakodzerapo."

Zinali zoona. Pakati penipeni panali chizungulire chachikulu, chonyowa. Tinawaimika pa khoma la kuseri kwa nyumba, tinathirapo madzi a sopo, ndinakwecha ndi burashi. Dzuwa linali litapendeka kale. Aliyense akanaona kuti saumira lero.

"Ndiye ndigona pati?"

"Bedi langa ndi lalikulu. Koma ukandimenya chidendene ndikugwetsera pansi."

"Inu mumaliza mkonono."

"Anali bambo ako amenewo."

"Bambo anapita, koma mkonono ukumvekabe."

Ndinamuyang'ana. Anali atabisa pakamwa kuseri kwa matiresi, mapewa akugwedezeka.

"Gwira uko," ndinatero. "Tiwasunthire pomwe padakali dzuwa."